Kukonza kapena kusintha makina okalamba ojambulira zithunzi za odwala pa chimbale

M'zipatala zambiri, pansi pa makina a sikani kapena pa shelefu ya kamera yoonera m'mimba, pamakhala kabokosi kamene ntchito yake ndi kulemba pa chimbale cha DVD zonse zimene dokotala akuona pa sikirini. Odziwika kwambiri ndi Sony DVO-1000MD, amene amalemba pa DVD+RW, ndi Panasonic LQ-MD800, amene amalandira DVD-RAM ndi DVD-R. Makina amenewa tsopano atopa, ndipo akayamba kulavula zimbale kapena kuima pakati pa ntchito, wokonza ayenera kudziwa poyambira komanso polekera.

Musanagwire sikuludilaiva, pulumutsani kaye zimene zinajambulidwa kale. Chimbale cha DVD-R chimene sichinatsekedwe ndi lamulo lija lolembedwa kuti Finalize nthawi zambiri chimakana kuwerengedwa pa kompyuta kapena pa makina ena, choncho ngati makina akalewo akadali ndi kamoyo, sonkhanitsani zimbale zonse zosatseka, muzitseke chimodzichimodzi, kenako mukopere zonse pa kompyuta ya chipatala. Ine ndinaphunzira zimenezi movutikira pa chipatala china, pamene ndinathamangira kumasula makina, leza, kachipangizo ka kuwala kamene kamawerenga ndi kulemba pa chimbale, n'kuferatu m'manja mwanga, ndipo mulu wa zimbale za amayi oyembekezera unatsala wosawerengeka kwa nthawi yaitali.

Mukatero, fufuzani ngati vuto lilidi m'bokosimo, chifukwa kawirikawiri limakhala kunja. Chotsani nthambo ya chithunzi kumbuyo kwa makina ojambulira, muilumikize mwachindunji ku sikirini ina. Chithunzi chikapanda kubwera, wolakwa ndi nthamboyo kapena makina a sikani. Pulagi ya S-Video ili ndi timano tinayi topyapyala, ndipo kamene kamanyamula mtundu kakapindika, chithunzi chimatuluka chakuda ndi choyera basi. Onaninso ngati makina onse awiri akulankhula chinenero chimodzi: kuno ku Malawi timagwiritsa ntchito dongosolo la kanema lotchedwa PAL, pamene makina a mphatso ochokera ku America amabwera atatcheredwa pa NTSC, ndipo kusiyana kumeneku kumachititsa chithunzi kugudubuzika kapena kusowa mtundu. Ngati dandaulo ndi lakuti chopondera cha phazi kapena batani la pa sikani silikuyambitsa kujambula, dinani batani la kutsogolo kwa bokosilo. Likagwira ntchito, ndiye kuti chafa ndi chopondera kapena nthambo ya RS-232C yotumiza malamulo kuchokera ku sikani, osati makinawo.

Zimbale nazo zimanamiza anthu ambiri. DVD+RW ndi DVD-RW zimaoneka zofanana ndipo zonse zimanyamula 4.7 GB, koma makina opangidwira mtundu umodzi akhoza kukana winawo, ngakhale wogulitsa musitolo atalumbira kuti n'chimodzimodzi. Yesani ndi chimbale chatsopano cha mtundu wolembedwa m'buku la makinawo. Akamawerenga bwino zimbale zakale koma n'kumalephera kulemba pa zatsopano, kaikirani leza, popeza kulemba kumafuna mphamvu yochuluka kuposa kuwerenga, ndipo leza yokalamba imayamba kugonja pa ntchito yolembayo.

Tsopano mukhoza kutsegula. Zulani pulagi ku khoma, mudikire mphindi zingapo chifukwa makapasita a mbali ya magetsi amasunga moto, ndipo mujambule ndi foni mmene nthambo zakhalira musanachotse iliyonse. Musayatse makina muli chisuzumirire pa diso la leza. Ngati thileyi yoikapo chimbale imalira koma osatuluka mpaka mutaikankha pang'ono ndi chala, chatha ndi kalamba kakang'ono ka mphira kamene kamazungulitsa magiya ake. Mukakachotsa mudzaona kuti kanatanuka, kakunyezimira, mwinanso kakumata m'manja. Ikanipo kena kofanana msinkhu, osati mphira womangira ndalama, umene umaduka pakangopita masiku ochepa.

Diso la leza lifunika dzanja lofatsa. Ndi kagalasi kochepa ngati njere ya mapira, kolendewera pa timawaya tooneka ngati tsitsi, moti mukakakhudza kamanjenjemera. Nyowetsani pang'ono kathonje ka pa kamtengo ndi isopropyl alcohol, mupukute mozungulira popanda kudinikiza, kenako musiye kaume kokha. Sipiriti wofiirira uja wa m'mawodi musamuyandikize n'komwe, chifukwa akauma amasiya utoto pa galasi. Pukutaninso timipiringidzo timene mutu wa leza umayendapo, pakuti girisi wakale akasakanikirana ndi fumbi la m'chilimwe amauma ngati phula. Fani yakumbuyo muichotse fumbi, muone ngati ikuzungulira momasuka.

Makina ozima okha kapena ochedwa kuyaka nthawi zambiri amakhala ndi makapasita otupa pamwamba, ena otuluka dzimbiri. Powasintha, nambala ya mamaikulofaradi ikhale yomweyo, mavoti akhale ofanana kapena oposerapo, musankhe olembedwa 105°C, ndipo musasemphanitse miyendo yake. Fyuzi yopsa ilowedwe m'malo ndi ina ya nambala yomweyo. Kumangapo waya, monga timachitira ndi wailesi ya kunyumba, n'koletsedwa pa chipangizo cholumikizana ndi wodwala.

Mukachita zonsezi koma makina n'kumakanabe kulemba, leza yatha, ndipo apa mpamene ine ndimalangiza kuti munthu aime. Ena amapotokola kasikuluwu kowonjezera mphamvu ya leza, koma kumeneko n'kungofulumizitsa imfa yake. Ena amayesa kuikamo chowerengera zimbale cha m'kompyuta, koma makina ambiri a mtundu uwu amazindikira chokhacho chimene anapangidwa nacho. Chotsala ndi kupeza makina ena akufa a nambala yomweyo n'kuchotsamo chiwalocho, komabe kumbukirani kuti leza yakeyo ndi ya msinkhu womwewo ndi imene yafayo.

Musanapemphe ndalama zogulira atsopano, zungulirani kumbuyo kwa makina a sikani. Mukapezako polowetsa USB kapena nthambo ya netiweki, n'kutheka kuti makinawo amatha kusunga okha zithunzi mu DICOM, mtundu wa mafayilo a zithunzi za chipatala, ndi kuzitumiza ku PACS, nkhokwe ya pa kompyuta yosungira zithunzizo, ndipo njira imeneyi imaposa chimbale kutali, chifukwa dzina la wodwala, tsiku ndi miyeso zimayenda limodzi ndi chithunzi, pamene DVD ya PAL imangosunga kanema wa madontho 720 kwa 576. Ngati mulibe zimenezi, funani makina ojambulira pa fulashi kapena pa hadi disiki, monga Sony HVO-500MD kapena MediCapture USB300; amene akufunabe chimbale chopatsira wodwala angayang'ane HVO-550MD. Lembani mitundu ya mapulagi otulutsa chithunzi pa makina anu, kaya BNC, S-Video, DVI kapena HDMI, ndipo wogulitsa atsimikize polemba kuti chipangizo chake chimalandira umodzi mwa iyo komanso kuti chopondera chilipo.

Chiyeso chachikulu ndi kugula makina a DVD a pabalaza chifukwa ndi otchipa. Nthambo ya chithunzi imalumikiza thupi la bokosilo ku makina amene chida chake chili pakhungu kapena m'kati mwa munthu, ndiye magetsi odontha, amene inu simungawamve n'komwe pa dzanja, akhoza kufika kwa wodwala. N'chifukwa chake pa chipangizo chatsopano muyenera kuona chizindikiro cha IEC 60601-1, muyezo wa chitetezo cha zipangizo za magetsi za m'chipatala, komanso kuti chimalandira magetsi athu a 230 V.

Kaya mwakonza kapena mwasintha, musabwezere makina ku wodi asanayezedwe waya wa ethi ndi magetsi odontha. M'zipatala za boma ku Malawi, itanani amisiri a Physical Assets Management. Tcherani tsiku ndi nthawi, mujambule kwa ola lathunthu, kenako mukaonere pa kompyuta ina. Ikani makinawo pa UPS, kabokosi ka batire kopereka magetsi akathima, popeza magetsi akathima chimbale chili pakati polembedwa chikhoza kuwonongeka chonse. Bokosi lakale lisanapite ku sitolo ya zinthu zakutha, onani ngati muli hadi disiki, muichotse, ndipo zimbale zokhala ndi mayina a odwala zimene mwakopera kale muzitsekere m'kabati kapena muzidule ndi sizasi monga mwa malamulo a chipatala chanu.