Momwe mungasankhire kabwalo ka ndege ka m'thengo ku Idaho kokagona m'tenti ndi kupalasa njinga

M'boma la Idaho ku America muli timabwalo ta ndege tambiri ta udzu ndi dothi, tina m'zigwa zakuya m'mbali mwa mitsinje. Anthu amatera pamenepo ndi ndege zazing'ono ngati Cessna 182, n'kukhoma tenti pafupi ndi phiko. Posankha kabwalo, yambani ndi funso ili: ndidzanyamukapo bwanji ndege itadzaza katundu, kunja kukutentha? Kutera n'kosavuta poyerekeza ndi kunyamuka.

Choyamba, werengerani mmene mpweya udzapepukire, zomwe oyendetsa ndege amati density altitude. Pamalo okwera ndi otentha mpweya umachepa mphamvu, mapiko sagwira msanga, ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mafiti 1,000 aliwonse. Titenge Johnson Creek, pafupi ndi mudzi wa Yellow Pine: bwalo la udzu lotalika mafiti 3,400, lokwera pafupifupi mafiti 4,900. Pamtunda wotere mabuku a ndege amayembekezera kutentha kwa madigiri 5 a Celsius. Masana a mu Julayi kukafika 30, madigiri 25 owonjezerawo muchulukitse ndi mafiti 120. Mafiti 3,000 omwe mwapezawo mukawaphatikiza ndi 4,900 aja, ndege idzachita ngati ili pa mafiti 7,900. Tengani nambala imeneyo mukaone m'buku la ndege yanu mtunda wofunika ponyamuka, muwonjezere wa pa udzu monga bukulo lanenera, kenako muwonjezenso theka la zonsezo. Mtundawo ukaposa kutalika kwa bwalo, sankhani kwina, kapena chepetsani katundu.

Katundu ndiye amanyenga ambiri. Njinga ya m'mapiri imalemera makilogalamu 13 mpaka 15, madzi kilogalamu imodzi pa lita, mafuta a ndege magalamu 720 pa lita. Chilichonse chikwere pasikelo, osaganizira ndi maso. Chotsani mateyala a njinga, mumange njingazo zolimba, ndipo zolemera zisaunjikane kumbuyo: ndege yolemera kumchira imadzutsa mphuno yokha isanapeze liwiro.

Chachiwiri ndi lamulo, ndipo apa ambiri amakhumudwa atafika kale. Lamulo la Wilderness Act la 1964 limaletsa njinga m'madera otetezedwa kwathunthu. M'dera la Frank Church–River of No Return, limodzi mwa madera amenewa ku Idaho, lamulo la 1980 linalola kuti ndege zizitera pa timabwalo takale, koma njinga ayi. Kumeneko n'kwa oyenda pansi. Wofuna kupalasa asankhe bwalo lakunja kwa malire, monga Johnson Creek, komwe kuli msewu wadothi wopita ku Yellow Pine, malo okhomapo matenti ndi mabafa. Smiley Creek, m'chigwa cha Sawtooth, n'kotakasuka ndipo bwalo lake ndi lalitali, koma lili pamwamba pa mafiti 7,000, choncho masamu aja musawalumphe.

Chachitatu, dziwani kolowera ndi kotulukira. Mabwalo ambiri a m'zigwa mumatera moyang'ana mbali imodzi n'kunyamuka mobwerera. Pa Johnson Creek nthawi zambiri amatera pa 17 (nambala ya mbali ya bwalo yoloza kummwera) n'kunyamuka pa 35 (yoloza kumpoto), kutsata kumene madzi akulowera. Pa mabwalo ena, mukadutsa malo akutiakuti simungasinthenso maganizo n'kukwera, chifukwa kutsogolo kwatsekedwa ndi phiri. Mabwalo a Soldier Bar ndi Mile Hi asiyireni akatswiri. Ulendo woyamba pitani ndi mphunzitsi wodziwa chigwacho.

Nyamukani m'mamawa, mpweya ukadali wozizira ndiponso mphepo isanadzuke. Musanakwere ndege yendani pansi bwalo lonse, muone maenje a nyama, matope ndi mapaipi othirira udzu, ndipo muzindikire mtengo kapena mwala womwe uli pakati penipeni pa bwalo. Mukafika pamenepo liwiro lisanakwane 70 peresenti ya lonyamukira, chotsani mphamvu ya injini ndi kuima. Lengezani pomwe muli pa wailesi, pa 122.9 MHz, chifukwa m'chigwa chokhotakhota simuonana ndi ndege ina. Foni sigwira m'malo ambiri otere. Nyamulani kachipangizo kotumizira uthenga kudzera pa satelayiti, ndipo wina kunyumba adziwe bwalo lomwe mwatera ndi tsiku lobwerera.