Kuphunzitsa mbiri ya dziko ku pulaimale, yambirani pa ndalama za m'thumba

Aphunzitsi anzanga, mwana wa Sitandade 5 kapena 6 mukangomulembera 1915, 1953, 1964 pa bolodi n'kumuuza kuti aloweze, mawa lake wayiwala basi. Mwana amagwira nkhope ndi nkhani, zaka zimabwera pambuyo. Ndiye nkhopezo muli nazo kale m'thumbamo.

Tengani K50, K100, K200, K500 ndi K1000, gawani ana m'magulu, gulu lililonse ndalama yake (muziyang'anira bwino, K1000 imatha kusowa kalasi isanathe kkkk). Musawauze kanthu kaye, afunseni kuti uyu ndi ndani, wavala chani, nanga boma linamuyikiranji pa ndalama? Asiyeni alote, ena anena kuti ndi pulezidenti onsewo, palibe vuto.

Kenako fotokozani ngati mukusimba nthano. Pa K500 pali John Chilembwe, m'busa wa mpingo wa PIM (Providence Industrial Mission) ku Mbombwe, Chiradzulu, amene anakaphunzira ku America n'kubwerako mu 1900. Apa musathamange, auzeni za thangata, anthu kugwira ntchito m'minda ya azungu ku Magomero ngati lendi ya malo omwe akukhalapo, komanso kudandaula kwake kuti anthu akuda akukafera nkhondo ya azungu yomwe sakuidziwa mutu wake, mpaka kuukira kwa mu Januwale 1915. Kasewero kamathandiza zedi, wina akhale kapitawo ndi kandodo kake, ena alime, ndiye muwafunse olimawo kuti mumtima mukumva bwanji. Akatero holide ya pa 15 Januwale ija saionanso ngati tsiku longosewera mpira.

Pa K200 pali mayi Rose Chibambo, amene anasonkhanitsa amayi kukana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland ndipo anamangidwa mu 1959 ali ndi khanda m'manja, atsikana amatchera khutu kwambiri pamenepa chifukwa m'mabuku mwadzaza azibambo okhaokha. Inkosi Gomani II wa ku Ntcheu pa K50 nayenso anakana Chitaganya chomwecho, James Sangala wa pa K100 ndi mmodzi mwa oyambitsa Nyasaland African Congress, wa pa K1000 ndiye amamudziwa kale, Kamuzu.

Zaka zija tsopano. Mangani chingwe kuchoka pazenera kukafika pachitseko, lembani chaka chilichonse pa kapepala n'kupanikiza ndi mapegi a zovala motsatana, 1915, 1953 (pomwe Chitaganya chinayamba), 3 Malichi 1959, 6 Julaye 1964, ndipo kumapeto ana ayikepo chaka chomwe anabadwa ndi cha agogo awo. Mpamene amadabwa kuti eti agogo analipo kale dziko likulandira ufulu.

Homuweki yake ikhale yokafunsa agogo kapena munthu wamkulu m'mudzimo za makadi a chipani, za nthawi yomwe amayi sankaloledwa kuvala thalauzi, za riferendamu ya 1993. Mayankho abwera osiyana, wina agogo ake amati nthawi ya Kamuzu kunali mtendere, wina amati kunali mantha, lembani zonse pa bolodi ndipo mufunse kuti bwanji anthu awiri akukumbukira nthawi imodzi mosiyana. Inuyo musalowetsepo chipani chanu, makolo akamva zimavuta. Manotsi okonzekera mayeso a MANEB alembetseni tsiku lotsatira, chingwe chikadali pomwepo.