Momwe mungakonzere regiyuleta ya fani yakale ya kudenga

Fani zakale za kudenga, zija zachitsulo chokhachokha zoti popachika pamafunika anthu awiri, sizifa wamba. Mota yake imatha zaka makumi angapo ikuzungulirabe. Chimene chimayamba kutopa ndi kachipangizo kosinthira liwiro, kamene amisiri amati regiyuleta, ndiponso kapasita, kachipangizo kothandiza mota kudzuka ndi kuzungulira ndi mphamvu. Ambiri fani ikayamba kuvuta amathamangira kuzula regiyuleta n'kuikapo ina, ena amafika potsitsa fani yonse, chonsecho vuto linali kachitsulo kamodzi kodetsedwa ndi mwaye. Musagule kanthu musanapeze pamene pakudwala.

Yambani n'kuona zimene fani ikuchita

Tembenuzani regiyuleta kuyambira pa 1 mpaka pa nambala yomaliza, pang'onopang'ono, maso ali kudenga. Ngati fani ikuthamanga bwino pa nambala yapamwamba koma pa manambala apansi ili zii, vuto lili mu regiyuleta. Ngati ikuyenda mwaulesi pa manambala onse, ngakhale pa womaliza, kayikirani kapasita. Ikamangolira kuti huuu osazungulira, koma mukakankha phiko ndi ndodo n'kuyamba kuyenda, pamenepo nthawi zambiri ndi kapasita ndithu. Musaisiye ikulira choncho kwa nthawi yaitali, chifukwa makoyilo a mota, mawaya okulungidwa mkati mwake, amatentha ndipo angapse.

Palinso chinthu china chosavuta kuyesa. Fani ili yozimitsa, kankhani phiko kamodzi ndi dzanja. Likazungulira kangapo mwakachetechete, mabering'i ali bwino. Likaima msanga kapena likamakhulana, mota yauma, ndipo ngakhale musinthe regiyuleta kakhumi liwiro silibwerera.

Zimitsani magetsi pa bokosi lalikulu

Kuzimitsa swichi ya pakhoma sikokwanira. M'nyumba zina zakale swichi inalumikizidwa ku waya wolakwika, moti ngakhale mwazimitsa, waya wamoto umakhala ukadali ndi mphamvu mpaka ku fani. Gwetsani bureka ya mbali imeneyo, kapena meini swichi yonse, kenako yesani waya uliwonse ndi tesita musanaukhudze. Uzani a m'nyumba kuti asayatse. Ngati mawaya ali okutidwa ndi nsalu kapena labala yomwe ikuyoyoka mukangoigwira, imani pomwepo muitane katswiri wa zamagetsi, chifukwa ntchito yakula kuposa regiyuleta.

Zida n'zochepa: sikuludiraiva, pulayala, tesita, mita yoyezera magetsi ija amati multimeter, sandipepa wosalala kwambiri, mankhwala opopera otsukira zitsulo zamagetsi, kanekita ya mawaya, ndi makwerero olimba. Mukatsegula chivundikiro, jambulani ndi foni musanamasule waya ngakhale umodzi. Ine ndinanyozerapo zimenezi, ndikuti mawaya anayi okha sindingaiwale. Nditabwezeretsa, fani inkathamanga kwambiri pa 1 n'kumakwawa pa 3, ndipo madzulo onse anathera pa makwerero.

Ilambalaleni regiyuleta

Regiyuleta ya pakhoma imakhala ndi mawaya awiri, wolowa ndi wopita ku fani. Magetsi ali ozimitsa, masulani awiriwo muwalumikize pamodzi ndi kanekita, mutsekepo bwino, kenako kayatseni magetsi. Fani ikathamanga ndi mphamvu zake zonse, mota ndi kapasita zili bwino, ndiye kuti wolakwa ndi regiyuleta. Ikakhalabe yofooka, isiyeni regiyuleta, vuto lili kumwamba. Mukatha kuyesa kazimitseninso magetsi.

Mkati mwa bokosi la regiyuleta

Regiyuleta zakale zikuluzikulu, zokhala ndi timabowo totulutsira kutentha, zambiri zimagwira ntchito ndi waya wopyapyala wokulungidwa mozungulira, umene umachepetsa mphamvu yofika ku mota poisandutsa kutentha. Waya umenewu uli m'zigawo zotsatizana. Pa nambala yapamwamba magetsi amadutsa molunjika osakhudza chigawo chilichonse. Mukatsika nambala imodzi amadutsa m'chigawo chimodzi, mukatsikanso amadutsa m'ziwiri, mpaka pa 1 pamene amadutsa m'zigawo zonse. Mukamvetsa zimenezi, fani imakuuzani yokha pamene padukira. Ngati 5, 4 ndi 3 zikugwira koma 2 ndi 1 zafa, fufuzani chigawo cha pakati pa 3 ndi 2. Ngati nambala imodzi yokha yapakati ndiyo yafa pamene zapansi pake zikugwira, waya sunaduke, koma kachitsulo ka nambala imeneyo sikakukhudzana bwino ndi kamkono kozungulira.

Vuto lachiwirili ndilo limapezeka kawirikawiri, ndiponso ndi losavuta. Kamkono kaja kakamadumpha kuchoka pa nambala ina kupita pa ina kamathetheka, ndipo pakapita zaka timitu tamkuwa timada n'kukumbika. Tikwecheni pang'ono ndi sandipepa mpaka mkuwa uwale, poperani mankhwala, pukutani ndi kansalu kouma. Musakweche mopitirira, mungamalize mkuwa wotsalawo. Onaninso sipiling'i yomwe imakanikiza kamkono. Ikafooka, kamkono kamangoyandama, ndipo mungakapindeko pang'ono ndi pulayala kuti kagwirenso. Mangani masikuluwu onse a mawaya, poti olekera amatentha ndi kupsereza pulasitiki.

Tsopano ikani mita pa muyeso wa ma ohm, woyezera mmene waya ukutchingira magetsi, ndodo zake ziwiri pa malo olowera ndi otulukira, muzitembenuza. Pa nambala yapamwamba iwerenge pafupifupi 0, ndipo chiwerengero chizikwera mukamatsika. Pamene mita yasonyeza kuti palibe njira, ndi pamene padukira.

Waya woduka uja sugwira mtovu wowotcherera wamba, choncho musavutike ndi ayironi yowotcherera. Ngati wadukira kumapeto, pafupi ndi sikuluwu, masulani mkombero umodzi, palani nsonga yake, muimangenso pansi pa sikuluwuyo. Liwiro la nambala imeneyo ndi zapansi pake likwera pang'ono, zosaoneka n'komwe. Ukadukira pakati, kapena ukakhala kuti wapsa malo angapo, kupotokola nsonga ziwirizo n'kungodzinamiza: mfundoyo imatentha n'kudukanso. Pamenepo sinthani zamkati.

Regiyuleta zina zakale mkati mwake muli koyilo yokulungidwa pa chitsulo, yokhala ndi mawaya angapo otuluka pa malo osiyanasiyana. Zimenezi zimalemera m'manja ndipo sizitentha kwambiri. Pa fani zakale zedi koyilo yotereyi imakhala m'thupi la fani momwemo. Kayezedwe n'kofanana, kungoti ma ohm amakhala ochepa. Koyilo yopsa imanunkha vanishi wowauka, ndipo imeneyo ndi ya amisiri okulunga mamota.

Fani zokoka ndi katcheni

Izi swichi yake imakhala m'kachibekete ka pansi pa mota, ndipo kawirikawiri timabowo take tinalembedwa L, 1, 2, 3. Swichi zimenezi sizikonzeka bwino, zikatha zatha. Chovuta n'chakuti zofanana maonekedwe zimatha kusiyana mmene zimalumikizira mawaya mkati, ndiye popita kukagula nyamulani yakaleyo mufananize nambala yolembedwa pathupi pake. Chotsani waya umodzi, muulowetse mu swichi yatsopano, kenako wina, osati onse nthawi imodzi.

Kapasita

Imakhala pamwamba pa mota, m'chivundikiro cha kudenga, kapena pafupi ndi swichi ya tcheni. Fani zina zakale kwambiri zilibe kapasita n'komwe, ndiye mukaisowa musadabwe. Kapasita imasunga magetsi ngakhale mwazimitsa, choncho gundanitsani mapazi ake awiri ndi sikuludiraiva ya chigwiriro chapulasitiki musanaigwire. Yotupa, yong'aluka kapena yosungunuka sifunikanso kuyeza. Yooneka bwino ichotseni muiyeze ndi mita pa muyeso wa µF, woyezera kukula kwa kapasita, mufananize ndi nambala yolembedwa pathupi pake. Ikatsika kwambiri, mwachitsanzo yolembedwa 2.5 n'kumawerenga 1.2, ndiyo ikufooketsa fani.

Fani zambiri za magetsi a mavoti 220 mpaka 240 zimagwiritsa ntchito kapasita ya pakati pa 2 ndi 2.5 µF, yopirira mavoti 400 kapena kuposerapo, koma tsatirani zolembedwa pa yanuyo. Nambala ya µF ikhale yomweyo. Ya mavoti ikhoza kukwera, koma isatsike. Ena amaika yaikulu dala kuti fani izithamanga kwambiri. Imathamangadi, koma makoyilo amatentha, ndipo mota yomwe inapirira zaka zonsezi imapsa chifukwa cha kamphepo kochepa kowonjezera. Pa fani za tcheni kapasita imodzi imatha kukhala ndi mawaya atatu mpaka asanu ndi manambala angapo, chifukwa ndi yomweyo imene imapanga liwiro lapakati ndi lapansi. Manambala onsewo afanane.

Mukapeza kapasita yachitsulo yakale ikudontha mafuta, valani magolovesi. Zina zotere zinali ndi mankhwala oopsa a PCB, amene ku America analetsa kupanga mu 1979. Ikulungeni m'pulasitiki, ndipo musaitenthe.

Ngati regiyuleta yakanika kukonzeka

Gulani yopangidwira fani, makamaka ya makapasita, yomwe imadumpha manambala kuti ta, ta, ta. Sitentha, siwononga magetsi ngati ya waya ija, ndipo mota imayenda mwakachetechete. Kachipangizo kochepetsera kuwala kwa mababu musakaike pa fani ngakhale kakuoneka kofanana. Kamadula magetsi mwazidutswa, mota imayamba kung'ung'udza ndi kutentha, ndipo kenikeniko kamatha kupsa. Ngati mumakonda maonekedwe a bokosi lakale, zamkati za regiyuleta yatsopano n'zazing'ono moti nthawi zambiri zimakwana m'bokosimo, bola zimangidwe molimba, ndipo bokosi likakhala lachitsulo lilumikizidwe ku waya wa efi, uja wachitetezo wolowa m'nthaka.

Mukabwezeretsa zonse, yatsani muyambire pa nambala yapamwamba kuti mota idzuke ndi mphamvu, kenako muzitsika. Isiyeni pa 1 kwa mphindi 20, chifukwa ndi pamene regiyuleta ya waya imatentha kwambiri. Kufunda kwa chivundikiro si vuto, ndi mmene inapangidwira, ndipo timabowo take tisatsekedwe ndi penti kapena fumbi. Koma mukamva fungo lopserera kapena kuthetheka mkati, zimitsani pa bokosi lalikulu, mutsegulenso muone masikuluwu a mawaya.