Zaka zogulitsa mapampu ndi laisensi ya PE ku America

Ndagulitsa mapampu a madzi ku Texas kwa nthawi ndithu, ndipo achinyamata ongoyamba kumene ntchitoyi amandifunsa kawirikawiri ngati bodi yopereka malaisensi a uinjiniya idzawerengera zaka zimenezi akadzafuna laisensi ya Professional Engineer (PE), yomwe ndi ya injiniya wovomerezeka ndi steti. Ndimawauza kuti gawo lina lidzawerengedwa, koma kukonzekera kwake kuyambe lero.

Malamulo achitsanzo a NCEES (bungwe la mabodiwa lomwe limakonza mayeso a mainjiniya), omwe mabodi a masteti ambiri amatengerako, amafuna digiri yovomerezedwa ndi ABET (bungwe lounika maphunziro a uinjiniya), mayeso oyamba otchedwa FE (Fundamentals of Engineering), zaka 4 za ntchito ya uinjiniya yomwe udindo wake ukunka nukula, ndi mayeso a PE. Pa zogulitsa sabisa mawu: ntchitoyo imawerengedwa pokhapokha mutaonetsa kuti inkafuna nzeru za uinjiniya ndipo munazigwiritsadi ntchito. Dzina la udindo lolembedwa pa khadi lanu silikuthandizani. Mawu omaliza ndi a bodi ya steti yanu, choncho werengani malamulo akenso.

Yambani ndi kope. Pulojekiti iliyonse ikatha, lembani zomwe munawerengetsa ndi zomwe munasankha inuyo. Kasitomala akandipempha pampu, sinditsegula katalogi n'kuloza. Ndimafunsa kuchuluka kwa madzi ofunika, kutalika ndi kukula kwa mapaipi, ndi msinkhu womwe madziwo akwere. Ndimawerengetsa mphamvu yotayika m'mapaipi ndi fomula ya Hazen-Williams, kuyika zotsatirazo pa pump curve (girafu yoonetsa mphamvu ya pampu), kuona ngati NPSH (mphamvu ya madzi polowera m'pampu) ikukwana kuti pampu isadyeke ndi cavitation (thovu la nthunzi lophulika mkati mwake), kenako n'kusankha mota. Uwu ndi uinjiniya weniweni, ndipo uzilembedwa chomwecho: ndinawerengetsa chakuti, ndinakana pampu yakuti pa chifukwa chakuti. Mawu akuti "tinachita" apeweni, chifukwa bodi ikufuna kudziwa za inu, osati za kampani.

Kukonza mitengo, kuimbira makasitomala, kupita ku zionetsero zamalonda, kuthamangitsa ndalama za komishoni, zonsezi zichotseni. Ngati theka la sabata yanu limathera pamenepo, nenani zoona, ngakhale zitatanthauza kuti mudikira kupitirira zaka 4. Ndimaumirira pamenepa chifukwa injiniya amene adzakusainireni amaika dzina lake ndi laisensi yake pa mawu anuwo.

Injiniya ameneyo ndiye amasowa kwambiri. M'maofesi a zogulitsa bwana nthawi zambiri sakhala PE. Ku Texas bodi imafuna maumboni a ma PE osachepera 3, omwe amaona Supplementary Experience Record yanu (chikalata chofotokoza ntchito yomwe mwagwira) n'kutsimikiza zomwe mwalembamo. Apezeni msanga. Angakhale a ku dipatimenti yojambula mapulani m'kampani mwanu, kapena a mbali ya kasitomala omwe amavomereza zomwe mwasankha. Muziwatumizira masamu anu aziwaona ntchito ikadali mkati, chifukwa pakadutsa zaka sadzakumbukira. Ngati simukuona PE aliyense pafupi, pemphani kuti akusamutsireni ku application engineering (dipatimenti yosankhira makasitomala zipangizo zoyenera ntchito yawo), komwe masamu ndi ochuluka.

Amene digiri yanu munaitenga kumudzi, kaya ku Blantyre kapena ku Lusaka, dziwani kuti mabodi ambiri amafuna iunikidwe kaye, ndipo NCEES ili ndi gawo lochita zimenezi lotchedwa Credentials Evaluations. Itanitsani matransikripiti ndi ndondomeko za maphunziro ku yunivesite yanu nthawi ikadalipo, musanalembetse FE.