Musalole a kampeni kukusankhirani tsiku logawa thandizo

Chisankho chikayandikira ku America, mabungwe achifundo amayamba kuchita zachilendo. Bungwe lomwe chaka chonse limagawa thandizo mwakachetechete likupezeka likupereka cheke pa nsanja, makamera ali tcheru, wopikisana pa mpando ataima pakati akumwetulira. Mukafunsa a bodi kuti tsikulo anasankha ndani, akuti anasankha a ofesi ya kampeni, poti bwanayo anali ndi mpata Loweruka lokhalo. Nanga olandira munawapeza bwanji? Akuti mndandanda unachokera komweko. Akatero amatseka nkhani ndi mawu otopetsa aja: "Koma ndalama zinafika kwa osauka."

Zinafikadi, palibe akutsutsa. Vuto ndi loti lamulo silifunsa zimenezo. Limafunsa kuti chuma cha bungwe, dzina lake ndi antchito ake zathandiza ndani kupeza mavoti. Bungwe lililonse losakhoma msonkho pansi pa gawo 501(c)(3) la malamulo a msonkho a ku America ndi loletsedwa kuthandiza kapena kugwetsa munthu wopikisana pa mpando wandale. Chiletsochi chinalowa m'malamulo a msonkho mu 1954, ndipo anachibweretsa ndi Lyndon B. Johnson pomwe anali phungu wa Texas mu nyumba ya Senate. Pa nkhani yokopa aphungu kuti asinthe malamulo, mabungwe ena amaloledwako pang'ono. Pa nkhani ya wopikisana palibe za pang'ono. Cheke chimodzi, kalata imodzi, ngakhale uthenga umodzi pa tsamba la Facebook la bungwe ndi wokwanira kukuikani m'madzi.

Amene akuganiza kuti kufika kwa ndalama kumafufuta mlandu aone zomwe zinagwera Donald J. Trump Foundation. Mu January 2016, kutangotsala masiku ochepa kuti anthu a ku Iowa asankhe woimira chipani pa mpando wa pulezidenti, Trump, yemwe ankapikisana nawo, anachititsa msonkhano ku Des Moines wosonkhetsa ndalama zothandizira asilikali akale. Madola 2.8 miliyoni analowa mu akaunti ya bungwe lake. Ogawa sanali a bodi. Bodiyo inali isanakumanepo kuyambira 1999. Anagawa ndi akuluakulu a kampeni: iwo ndiwo ankatchula olandira, kuchuluka kwa ndalama ndi nthawi yopereka, ndipo macheke akuluakulu oonetsera ankaperekedwa pa misonkhano yokopa anthu. Mu June 2018 loya wamkulu wa boma la New York, Barbara Underwood, anakasuma. Pofika December chaka chomwecho mbali ziwirizo zinagwirizana kuti bungwelo lithetsedwe khoti likuyang'anira. Mu November 2019 woweruza Saliann Scarpulla analamula Trump kulipira madola 2 miliyoni, omwe anagawidwa ku mabungwe asanu ndi atatu. Tamvani apa: woweruzayo anavomereza kuti ndalama zija zinafikadi ku mabungwe a asilikali akale. Zimenezo zinangochepetsa chindapusa, mlandu sunathe. Cholakwa chinali kupereka chiwongolero cha bungwe m'manja mwa kampeni.

Bungwe lomwelo linali litapunthwapo kale. Mu 2013 linapereka madola 25,000 ku gulu landale lothandiza Pam Bondi, yemwe pa nthawiyo anali loya wamkulu wa boma la Florida, ndipo mu 2016 panaperekedwa msonkho wachilango wa madola 2,500 ku IRS, ofesi yotolera misonkho ya dzikolo. Chiwerengerocho sichinangotoledwa. Gawo 4955 limati bungwe lilipire 10 peresenti ya ndalama zomwe lagwiritsa ntchito pa ndale, ndipo mkulu aliyense amene anavomereza akudziwa alipire 2.5 peresenti, kulekezera madola 5,000. Ndalamazo zikapanda kubwezedwa m'nthawi yake, bungwe limalipira 100 peresenti, ndipo mkulu wokana kukonza amalipira 50 peresenti, kulekezera madola 10,000. Zilango za akuluakuluzi zimachoka m'thumba mwanu inu a bodi, osati mu akaunti ya bungwe. Ambiri amamva zimenezi kalata itafika kale.

Komabe chindapusa ndi chaching'ono poyerekeza ndi kulandidwa chilolezo chosakhoma msonkho. Mpingo wa Church at Pierce Creek wa ku New York unalipira malonda a tsamba lathunthu mu USA Today ndi Washington Times masiku ochepa chisankho cha 1992 chisanachitike, kuchenjeza Akhristu za Bill Clinton, yemwe ankapikisana pa mpando wa pulezidenti, n'kupemphanso zopereka zolipirira malondawo. IRS inaulanda chilolezo mu 1995, ndipo khoti la apilo linagwirizana nazo mu 2000. Chilolezo chikapita, opereka sangachotserenso zopereka zawo pa msonkho, ndipo mabungwe akuluakulu amene amakupatsani ndalama amaimitsa kaye chilichonse, chifukwa nawonso ali ndi mabuku oti ayankhire.

Msungichuma wina wa kabungwe kogawa chakudya amafotokoza nkhani yake motere. Woyambitsa bungwe lawo anaimira pa mpando wa khansala wa mzinda, koma sanachoke pa bodi. Anapempha mndandanda wa opereka, akuti akufuna kuwathokoza. Msungichumayo anapereka, poti angamukanize bwanji munthu amene anayambitsa zonse? Patapita sabata opereka aja analandira makalata opempha ndalama za kampeni. Palibe anapita ku khoti, palibe analipira chindapusa. Koma mayi wina amene ankapereka mwezi ndi mwezi, wa chipani china, anaimba foni n'kufunsa funso limodzi lokha, kuti dzina lake analitenga kuti, ndipo sanaperekenso. Anzake anamutsatira. Woyambitsa uja analuza chisankho, bungwe linaluza opereka. Mapanga awiri avumbwitsa. Ndipo mndandanda wa opereka ndi katundu wa bungwe wokhala ndi mtengo wake. Kuupereka ulere kwa wopikisana mmodzi n'chimodzimodzi kumupatsa ndalama.

Chizolowezi choti bungwe ndi la amene analiyambitsa chiyenera kutha. Munthu akaika chuma m'bungwe lachifundo, boma limamuchotsera msonkho, kutanthauza kuti okhoma misonkho onse, a zipani zonse, aikamo dzanja. Chumacho si chakenso. Kuchigwiritsa ntchito pokometsa dzina lake pa chisankho ndi kukakamiza anthu omutsutsa kuti amulipirire kampeni. Palinso olandira thandizo. Munthu wanjala sangakane kujambulidwa ataima pafupi ndi wandale pamene thumba la chakudya lili patsogolo pake, ndiye musamanene kuti anavomera.

Ena amati, bwanji tingolembetsa ovota, zimenezo si ndale. N'zololedwa, koma osati mwachisawawa. Mu 1967 Ford Foundation inapereka ndalama ku nthambi ya ku Cleveland ya CORE, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda, zina mwa izo zolembetsera ovota, ndipo chaka chomwecho Carl Stokes anapambana kukhala meya woyamba wakuda wa mzindawo. Aphungu sanaiwale. Lamulo la misonkho la 1969 linamanga manja mabungwe odalira chuma cha banja limodzi kapena kampani imodzi: sangapereke ndalama zolozeratu ku ntchito yolembetsa ovota pokhapokha wolandirayo asakondere chipani, azigwira ntchitoyo m'maboma asanu kapena kuposa, ndiponso isakhale ya chisankho chimodzi chokha. Ngakhale mutatsata lamulo, maso a anthu sachoka pa inu. Mark Zuckerberg wa Facebook ndi mkazi wake Priscilla Chan anapereka madola pafupifupi 350 miliyoni ku Center for Tech and Civic Life mu 2020 kuti athandize maofesi oyendetsa chisankho, ndipo pambuyo pake maboma oposa 20 analetsa kapena kuchepetsa thandizo lotere.

Tsono zochita n'zodziwika. Wa pa bodi kapena wantchito akaimira pa chisankho, apume kaye, asasainenso macheke, ndipo zilembedwe m'maminitsi. Tsiku, malo ndi olandira thandizo zisankhidwe ndi bodi pa msonkhano wolembedwa, potsata ndondomeko yomwe munali nayo kampeni isanayambe. Ngati mumagawa mu March chaka chilichonse, musasunthire ku October, chisankho chitayandikira. Mukaitana wopikisana mmodzi kudzalankhula ngati wopikisana, itanani onse mofanana ndipo sungani makalata owaitanira. Akabwera chifukwa cha udindo wina umene ali nawo, pasatchulidwe za chisankho, pasasonkhedwe ndalama za kampeni. Wantchito ali ndi ufulu wochita ndale payekha, koma osati pa nthawi ya ntchito, pa kompyuta ya ofesi kapena pa pepala la chidindo cha bungwe. Musanalembe cheke, yang'anani dzina la wolandira pa kaundula wa IRS, chifukwa magulu andale amakonda mayina omveka ngati achifundo. Chikalata cha IRS chotchedwa Revenue Ruling 2007-41 chili ndi zitsanzo 21 za zololedwa ndi zoletsedwa, a bodi achiwerengere pamodzi. Ngati ndalama zatuluka kale, zibwezedwe msanga, onanani ndi loya wa za misonkho, ndipo msonkho wachilango muulembe pa fomu ya IRS yotchedwa Form 4720.