Moto m'minda ya magulu: tikutentha chonde chimene tidzagule ndi ngongole

Chiyambireni mwezi wa Ogasiti, aliyense woyenda kunja kwa mzinda wa Mzuzu, kaya ndi cha ku Luwinga, ku Mchengautuba kapena m'mbali mwa madambo a mtsinje wa Lunyangwa, akuona utsi ukufuka m'minda pafupifupi madzulo alionse. Moto wina ndi wa anyamata osaka mbewa, ndipo umenewo ndi mlandu wa tsiku lina. Umene ndikufuna kuukamba pano ndi moto umene alimi akuyatsa dala posafuna kuvutika ndi kusosa, makamaka chifukwa chaka chino walowa ngakhale m'minda ya magulu: ya makalabu a alimi, ya amayi a m'mipingo, ya achinyamata, ndiponso ya magulu othandizana a anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV. Minda imeneyi ndiyo timaitenga ngati sukulu ya dera lonse, choncho mapesi akamapsa pamenepo, mlangizi amasowa chokanena kwa mlimi wolima payekha amene akuonera patali.

Munda umene watulutsa matumba 20 a chimanga, omwe ndi tani imodzi, umasiyanso mapesi, masamba ndi makoko olemera pafupifupi chimodzimodzi. Zotsalira zimenezi zinakula ndi chakudya chochokera m'nthaka yomweyo komanso m'feteleza amene gulu linagula ndi ndalama za msonkhemsonkhe. Tikaziyatsa moto, pafupifupi nayitirojeni yense amene anali m'menemo amathawira m'mwamba pamodzi ndi utsi, ndipo gawo lalikulu la salufa limamutsatira. Tengani thumba la feteleza wokulitsa muwerenge zimene zalembedwa pamwamba pake: 23:10:5+6S+1.0Zn. Nambala yoyambayo ndi nayitirojeni, ndipo chilembo cha S chija ndi salufa. Ndiye kuti zinthu zimene timapita kukaimira mzere ku sitolo mu Novembala ndi zomwezo zimene tinazitumiza kumwamba mu Seputembala. Sindikunena kuti mapesi okha angalowe m'malo mwa thumba la yureya, chifukwa nayitirojeni wa m'mapesi ndi wochepa. Chachikulu chimene chimatayika ndi thupi lenileni la mapesiwo, lomwe likaola limasanduka dothi lakuda lija losunga chinyontho, lofewetsa nthaka ndiponso logwira feteleza kuti asatsike msanga ndi madzi.

Alimi amandiyankha kuti pamene panali phulusa chimanga chimaoneka chobiriwira, ndipo sanama. Nthaka yofiira ya kuno ku Mzuzu ndi yowawasa chifukwa cha mvula yambiri imene imaitsuka chaka ndi chaka, ndipo phulusa limachepetsako kuwawasako kwa kanthawi, komanso limasiya potaziyamu pang'ono. Koma kubiriwira kumeneko n'kwa pamalo pamene panali mulu pokha, n'kwa chaka chimodzi, ndiponso phulusa lambiri silifika n'komwe pa nthawi yobzala, popeza mphepo ya mu Okutobala imaliulutsa ndipo mvula yoyamba imakokolola lotsalalo. Mlimi amakumbukira kachigawo kobiriwirako n'kuiwala mbali yonse ya munda imene inasiyidwa poyera.

Kusiyidwa poyera kumeneku ndiye vuto lalikulu kwa ife. Minda yambiri ya magulu kuno ili pamalo otsetsereka, popeza malo abwino anatha kalekale ndi nyumba, ndipo mvula yathu imagwa mwamphamvu komanso imachedwa kusiya kusiyana ndi zigawo zambiri za dziko lino. Dontho la mvula likagwa pa mapesi limasweka n'kulowa pansi pang'onopang'ono, koma likagwa pa dothi lopsa limaswa dothilo, pamwamba pamauma gwaa, ndipo madzi otsatira amangothamanga atanyamula dothi lachonde. Kafukufuku amene anachitika mothandizidwa ndi FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, anapeza kuti m'chaka cha 2014 dziko la Malawi linkataya dothi lokwana matani 29 pa hekitala iliyonse, kutengera dziko lonse. Amenewo ndi matumba 580 a makilogalamu 50. Wofuna kuona kumene dothi lathu limapita akaime pa mlatho uliwonse wa Lunyangwa mu Januwale aone mtundu wa madziwo.

Mtengo wa zonsezi umabwera kudzaonekera m'buku la msungichuma. Nthaka yopanda zoolerana imafuna feteleza wochuluka chaka chilichonse kuti ibereke zomwe inabereka chaka chatha, ndipo ng'amba ya masabata awiri ikangobwera chimanga chake chimayamba kupota masamba cha mnzake wophimbira nthaka ndi mapesi chikadali chiriri. Kaufiti naye amakonda munda woguga. Feteleza amachokera kunja, ndipo aliyense akukumbukira mmene mitengo inalumphira ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zipangizo zotsika mtengo za boma zimalembedwa pa dzina la munthu ndipo zimapita kumunda wa pakhomo, kotero munda wa gulu umadalira thumba la gulu. Thumbalo likaperewera anthu amakatenga ngongole ku banki m'khonde, ena amafika pa katapila, ndipo zokolola zikachepa msonkhano wogawana umasanduka bwalo la milandu. Magulu angapo amene ndawaona akutha sanathe chifukwa cha wakuba ayi. Anatha chifukwa munda unasiya kubweza ndalama, anthu n'kuyamba kukayikirana.

Izi zimandiwawa chifukwa ndikudziwa cholinga chimene minda imeneyi inayambira. Mu mzinda ngati uno muli amayi amasiye amene analandidwa malo mwamuna atamwalira, muli achinyamata omaliza sukulu amene alibe ngakhale mzere umodzi wotchedwa wawo, muli anthu a lendi amene ufa, ndiwo ndi nkhuni zomwe amachita kugula. Kwa anthu otere, kachigawo ka munda kamene mfumu kapena mpingo wabwereketsa gulu ndiko kamawachotsa pa ganyu wa m'minda ya eni m'miyezi ya njala, ndiko kamawapatsa ndiwo zamasamba zoti amwere mankhwala m'mimba muli kanthu, ndiponso ndiko kumene munthu wosweka mtima amapeza anzake olankhula nawo manja ali pa khasu. Gulu limene lasamala nthaka yake limagula feteleza wochepa, limasunga mbewu yake ya nyemba ndi mtedza, ndipo silidikira kuti wina alilembe pa mndandanda. Gulu limene likutentha likudzibwezera lokha m'manja mwa wogulitsa ndi wobwereketsa.

Nanga n'chifukwa chiyani munda wa gulu ukupsa pamene mamembala ake omwewo anaphunzira za kuwojeka, komwe ndi kukwirira mapesi m'nthaka, ndi kuphimbira? Ndafunsa, ndipo yankho lake n'lochititsa manyazi. Tikangokolola ndi kugawana, aliyense amathamangira kumunda wake, ndipo wa gulu umatsala wopanda mwini mpaka mitambo itayamba kuda. Pamenepo wapampando amaona kuti kuitana anthu kuti adzawojeke n'kovuta, ndipo amangotuma mnyamata ndi bokosi la machesi. Pa chikwangwani cha gulu palembedwa kuti mutu umodzi susenza denga, koma ntchito ya anthu 25 yagwiridwa ndi munthu mmodzi pa ola limodzi. Makolo athu ankaitana dima, anthu n'kulima munda wonse tsiku limodzi akumwa thobwa, popanda komiti kapena buku la malamulo. Ife tili ndi komiti, mlembi, chidindo ndi akaunti ku banki, koma tikulephera kukumana masiku atatu kuti tigoneke mapesi m'makwawa.

Mayi wina wachikulire wa m'gulu lina la kufupi ndi dambo anandiimitsa ndikudandaula za zimenezi, n'kundiuza kuti iye anakana kuti chigawo chake chiotchedwe. Gulu lawo linagawa munda m'zigawo zoti aliyense azisamala, ndipo tsiku loyatsa moto iye analawirira ndi mdzukulu wake n'kulambula m'malire monse. Anzake anamuseka kuti akuweta mbewa ndi njoka. Iye anandiuza kuti, "Alangizi, ine mwamuna wanga atamwalira abale ake ananditengera munda umene ndinaudyetsa manyowa zaka zambiri. Kachigawo aka ndiko koyamba kuti ndikalime popanda wondiuza kuti chokapo. Ndiye ndikatenthe ndekha?" Kenaka anapalasa mapesi ndi dzanja n'kundionetsa dothi la pansi pake, lomwe linali lozizira komanso lodzaza ndi timabowo ta tizilombo, pamene la mnzake pafupi pomwepo linali louma moti khasu limangodumpha. Sanayezetse dothilo kulikonse, ndipo ine sindikupatsani chiwerengero cha matumba ake, koma anati chaka chatha pa ng'amba ya mu Febuluwale chimanga chake ndicho chinachedwa kufota. Anawonjezera kuti mavuto ake tsopano ndi mbuzi za eni, ndipo pamenepo anali ndi mfundo yoti gulu lake liyenera kuimva.

Akuluakulu ena amati nkhani za kusamala nthaka n'za atsamunda, ndipo ndimawamvetsa pang'ono. M'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda linkakakamiza anthu malamulo a malimidwe, kuunda migula ndi kulima mizere mokakamizidwa, ndipo okana ankalipitsidwa kapena kumangidwa, mwakuti kudana ndi malamulowo kunakhala mbali ya nkhondo yomenyera ufulu wa dziko lino. Komatu lero palibe kapitawo amene waima pa munda wanu ndi chikoti. Nthakayo ndi yanu, ngongoleyo ndi yanu, ndipo kuotcha mapesi sikulanga aliyense wa ku Zomba wa nthawi imeneyo. Ngati mukufuna chitsanzo cha alimi anzanu, Ekwendeni ali pafupi pomwepa pa msewu wa ku Karonga. Kumeneko ntchito ya Soils, Food and Healthy Communities inayamba m'chaka cha 2000 mogwirizana ndi chipatala cha Ekwendeni chifukwa cha ana onyentchera, ndipo alimi eni ake ankayesa kubzala nandolo pamodzi ndi mtedza kapena soya n'kumakwirira zotsalira zake m'nthaka akangokolola. Ofufuza anadzapeza kuti ana a m'mabanja amene anakhalitsa pa ntchitoyo ankakula bwino. Chonde cha nthaka ndi thanzi la mwana zinayendera limodzi, ndipo chimene chinagwira ntchito yaikulu ndi masangwi omwewo amene ife tikuwaunjika n'kuyatsa.

Zifukwa zina zimene ndimamva ndatopa nazo. Akuti mapesi amaitana chiswe, chonsecho chiswe chikapeza zouma pansi chimatanganidwa nazo, ndipo chimagwetsa chimanga kwambiri m'munda wosesedwa mmene mulibe china choti chidye. Akuti moto umapha ntchemberezandonda, chonsecho agulugufe ake amauluka mitunda italiitali ndipo adzafika m'munda mwanu ngakhale mutaotcha mpaka chitsa chomaliza. Chifukwa chokhacho chimene ndimachilemekeza ndi chakuti chimanga chobzalidwa pa mapesi owojekedwa chimachita chikasu. Zimachitikadi, koma zimachitika kwa amene wawojeka mochedwa, mvula ili pafupi, chifukwa tizilombo toolesa mapesi timayamba tabwereka nayitirojeni wa m'nthaka tisanamubweze. Mankhwala ake ndi kuwojeka msanga nthaka ikadali ndi chinyontho, zomwe kuno n'zotheka popeza mawawa amatipeza mpaka mu Juni ndi Julayi, komanso kusakaniza mapesi ndi masangwi a mtedza, soya, nyemba kapena masamba a ombwe ndi gilisidiya.

Kwa magulu amene sanaotche, zochita zake mukuzidziwa kale. Lambulani m'malire sabata ino moto wa eni usanalowe, ndipo sankhani masiku a ntchito ya gulu tsopano, osati mitambo ikada. Popeza nthawi yowojeka yapita, gonekani mapesi pamwamba ngati chophimbira, mopingasa malo otsetsereka, ndipo amene anagwidwa ndi chiwawu kapena kapuchi muwachotse mukawaike pa mulu wa manyowa a changu kapena a chimato kuti kutentha kwa muluwo kuwaphike. Kwa amene mwaotcha kale, kulira sikubweza mapesi. Tutani udzu, zinyalala zoola za kumsika, manyowa a m'khola la nkhuku ndi gaga, muyambe mulu lero, ndipo ngati gulu likwanitsa feteleza pang'ono mupange manyowa a Mbeya, osakaniza fetelezayo ndi ndowe, gaga ndi phulusa, omwe amapsa pa masiku 21. Konzani akalozera, mizere ikuluikulu yopingasa malo otsetsereka, mutseke m'makwawa ndi ngonyeka, timizere tating'ono togwira madzi, mubzale vetiva mvula ikayamba, ndipo gawo limodzi la mundawo chaka chino likhale la nandolo ndi mtedza m'malo mwa chimanga. Nkhani ya mbuzi ndi ng'ombe zolowa m'minda muitengere kwa amfumu kapena kwa wapampando wa dera, popeza gulu palokha silingaithe. Pa msonkhano wotsatira mlembi alembe m'buku lamulo loletsa moto pamodzi ndi chindapusa chake, ndipo chindapusacho chikhudzenso wapampando amene watuma mnyamata.