Manyowa a m'matumba: samalani ndi fumbi lake

Amalawi ambiri ku South Africa amagwira ntchito ya m'gadeni, ndipo ku Britain ena amabwereka kamunda kuti adzidyere nkhwani ndi mpiru zolima okha. Onsewa amagwira kompositi, makamaka wa m'matumba wogula m'sitolo. Kumudzi tinazolowera kugwira manyowa ndi manja osadwala, n'chifukwa chake ambiri timaona ngati palibe choopsa.

Choopsa chili mu fumbi. Thumba likakhala pa dzuwa, mkati mumafunda ndi kuchita chinyezi, ndipo kachilombo kotchedwa Legionella longbeachae kamaswana bwino. Mukang'amba thumbalo mutaweramira, kamalowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo choopsa cha Legionnaires. Ku Australia ndi New Zealand matendawa ndi odziwika kwambiri, ndipo ku Scotland alimi a m'madimba angapo anagonekedwa nawo m'chipatala mu 2013. Amayamba pakati pa masiku 2 ndi 10: kutentha thupi, kuphwanya m'thupi, mutu, chifuwa, kenako kubanika. Munthu amangoti ndi chimfine. Sapatsirana.

Amene ayenera kusamala kwambiri ndi opitirira zaka 50, osuta fodya, odwala shuga ndi amene chitetezo cha m'thupi chinatsika. Ngati munadwalapo TB, pali chinanso: chuku cha Aspergillus, chimene chimadzadza mu mulu wa zinyalala zowola, chimatha kumera m'mabowo amene TB inasiya m'mapapo, munthu n'kuyamba kutsokomola magazi.

Thumba muzitsegulira panja, ndi sizasi, nkhope mutayang'ana kumbali. Musanatape, wazani madzi pang'onopang'ono kuti fumbi ligone. Musathire ndi paipi yamphamvu. Valani magolovesi ndi masiki ya FFP2 kapena N95, chifukwa kansalu kamene tinkavala nthawi ya Covid sikakwanira. Sambani m'manja musanadye kapena kusuta. Bala lililonse limangeni, ndipo funsani ngati katemera wanu wa kafumbata akadali ndi mphamvu. Bwana akapanda kugula masiki, m'pempheni. Akakana, dzigulireni nokha, si yodula.

Mukadwala, musamwe amoxicillin amene munabwera naye kuchokera kumudzi, sapha kachilomboka. Pitani kuchipatala (ku Britain imbani 111) ndipo muwauze adokotala kuti mwakhala mukugwira kompositi. Kuyeza mkodzo kumene amachita kawirikawiri kumaphonya kachilombo ka mtundu umenewu, ndiye akamva zimenezi amayezanso makhololo.